Buleki inalowa mpaka pansi, ndigule mapadi a mpikisano?

FUNSO: Akulu, ndili ndi Toyota Mark X, ndimakhala ku Salima cha ku Senga Bay. Mnzanga wa ku Joni wandiitana tikathamangitse galimoto pa bwalo la Zwartkops ku Pretoria, koma mwezi watha ndikutsika Khwekhwelere kulowera ku Golomoti buleki inangofewa mpaka kulowa pansi, mtima unali phaphapha. Ndingogula mapadi a mpikisano basi? Wowerenga, Salima.

YANKHO: Achimwene, mapadi aja dikirani kaye, vuto lanu ndi mafuta a buleki. Buleki ikamafewa ngati mwaponda nsima ndiye kuti mafuta awira m'mapaipi ndipo mwadzaza thovu. Mapadi akapsa zimakhala zina, buleki imalimba bwinobwino koma galimoto osaima, fungo lopsa lili guu.

Mafutawa amayamwa chinyezi, ndiye inu a kunyanja kuno ndi chinyontho cha dzinja chija zimafulumira. Mafuta a buleki a mtundu wa DOT 4 atsopano amayenera kupirira madigiri 230 asanawire, koma akamwa madzi amatsika mpaka cha m'ma 155, ndiye ganizani galimoto inachokera ku Japan ndipo mwina chifikireni palibe anasinthapo, amakaniko amangothira pamwamba basi. Khuthulani onse, thirani atsopano a m'botolo losatsegula, mubulide (kuchotsa mpweya m'mapaipi a buleki) matayala onse anayi. Pa bwalo gulani ngati Motul RBF 600, amafika madigiri opitirira 300. Koma chonde DOT 5 musamukhudze, ameneyo ndi wa silikoni, sasakanikirana ndi enawa komanso sagwirizana ndi ABS (makina oletsa matayala kukhwekhwereza mukaponda buleki mwamphamvu), osamusokoneza ndi DOT 5.1 amene alibe vuto.

Mapadi a mpikisano enieni sindingakulangizeni, amagwira bwino akatentha, m'mawa mukudutsa pa Kamuzu Road pali makabaza ndi mbuzi amakhala akulira tswii komanso akudya madisiki. Pezani apakati ngati Ferodo DS2500 kapena EBC Yellowstuff, funsani ngati alipo a galimoto yanu, mukaika muwazoloweze kaye popondaponda buleki kangapo pa msewu wopanda anthu osaimiratu.

Ku bwaloko mukamaliza zungulirani kamodzi pang'onopang'ono kuti zizizire, ndipo mukaima osakoka handibuleki pa madisiki otentha. Za Khwekhwelere zija, ulendo wina tsikani ndi giya yotsika, phazi lisamangokhala pa buleki.