Tatha zaka 9 pa banja popanda mphatso: tingatenge bwanji mwana kuti akhale wathu?

Mayi wina watilembera imelo. Akuti atha zaka 9 pa banja, iwo ndi amuna awo onse anakayezetsa kuchipatala, ndipo madokotala anawauza kuti mwayi wobereka ndi wochepa kwambiri. Mng'ono wawo wa kumudzi, amene ali ndi ana asanu, wati angawapatse kamtsikana kake ka zaka ziwiri. Palinso munthu wina amene wawalonjeza kuwapezera khanda ngati atapereka ndalama. Akufunsa kuti atsate njira iti.

Mayi, zikomo potikhulupirira pa nkhani yolemera chonchi. Mwachita bwino kuti nonse awiri munayezetsa, chifukwa m'mabanja ambiri chala chimaloza mkazi yekha pamene vuto lingakhalenso kwa mwamuna.

Munthu wa ndalama uja musamuyankhenso foni. Lamulo la Adoption of Children Act limaletsa kupereka kapena kulandira malipiro pa mwana popanda chilolezo cha khoti, ndipo kuyambira 2015 tili ndi lamulo lothana ndi kugulitsa anthu. Khanda lobwera m'njira imeneyo mwina labedwa, mwina mayi wake ndi mtsikana wosowa pogwira amene wakakamizidwa. Mukakalilembetsa ku NRB, ofesi yopereka ziphaso za kubadwa ndi za unzika, ngati kuti munabereka nokha, mwawonjezera mlandu pa mlandu, ndipo tsiku limene apolisi adzafike, mwana adzachoka m'manja mwanu mutamuzolowera kale.

Za mwana wa mng'ono wanu ndiye zofunika kukhalira pansi. Kulera mwana wa m'bale si chachilendo kwa ife, ndipo ana ambiri aleredwa motero. Koma kulera ndi kwina, kutenga mwana mwalamulo ndi kwina. Mukangogwirizana pakamwa, mwana amakhalabe wa amene anamubereka. Zimachitika kawirikawiri kuti mwana akafika msinkhu wotunga madzi ndi kulera anzake, kapena akasankhidwa kupita ku sekondale, eni ake amati abwerere. Mukangosemphana mawu pang'ono pa maliro, mumva kuti "tibwezereni mwana wathu", ndipo mulibe pepala loti mungaonetse. Choopsa china chimabwera pa imfa. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye limawerengera mwana wotengedwa mwalamulo mofanana ndi wobereka, koma amene munangomulera achibale angathe kumukankhira panja n'kumuuza kuti si wa pano.

Nchifukwa chake tikuti, ngakhale mwanayo ndi wa mng'ono wanu wa bere limodzi, dzerani kukhoti.

Poyambira ndi ku ofesi ya Social Welfare ya boma lanu. Pitani nonse awiri, mutatenga ziphaso zanu za unzika, umboni wa ukwati, ndi chosonyeza mmene mumapezera ndalama. Lamulo limafuna kuti wotenga mwana akhale wa zaka zosachepera 25, komanso akhale wamkulu kwa mwanayo ndi zaka zosachepera 21, ngakhale khoti lingathe kufewetsako pa wachibale. Wa pa banja sangatenge mwana mnzake asanavomere. Mwamuna amene ali yekha saloledwa kutenga mwana wamkazi pokhapokha patakhala zifukwa zapadera.

A Social Welfare adzabwera kwanu. Adzaona pamene mwana azigona, kumene mumatunga madzi, amene mumakhala nawo m'nyumba, ndipo adzakufunsani chifukwa chimene mukufunira mwana. Musabwereke mipando kwa aneba. Iwo sakufuna nyumba ya matailosi, akufuna aone ngati muli pa mtendere ndiponso ngati nonse awiri mukufunadi. Mwamuna amene wangovomera kuti mkazi asiye kulira amadziwika pa kayankhidwe kake.

Kenako loya amakalemba pempho kukhoti. Khoti limasankha munthu woimira mwanayo, kawirikawiri wa ku Social Welfare komweko, amene amapereka lipoti kwa woweruza. Woweruza angathe kupereka chigamulo chomaliza, kapena kuyamba wapereka chongoyembekezera cha nthawi yosapitirira zaka ziwiri kuti aone mmene mukukhalira ndi mwana. Chigamulo chomaliza chikatuluka, udindo wonse wa makolo umasamukira kwa inu ndipo dzina la mwana limalowa m'kaundula wa ana otengedwa mwalamulo. Ngati ndalama za loya zavuta, kafunseni ku Legal Aid Bureau.

Pamene nkhani zambiri zimaphwanyikira ndi pa chilolezo. Mng'ono wanu wavomera, nanga bambo a mwanayo? Ngakhale ukwati unatha, ngakhale ali ku Joni, khoti lidzafuna mawu awo, ndipo lingathe kudumpha chilolezo pa zifukwa monga kuti kholo linataya mwana kapena silikupezeka. Komanso kwathu kuno mwana sakhala wa anthu awiri okha. Kumene amatsata chikamwini, mwini mbumba ndi malume, ndipo kumene amalowola, mawu ali kuchimuna. Khalani nawo pansi anthu amenewa pamodzi ndi ankhoswe musanapite kwa loya. Mng'ono wanunso amve bwinobwino kuti chigamulo chikatuluka sadzamuitanitsanso mwanayo. Ena akamva zimenezi amabwerera m'mbuyo, ndipo ndi bwino abwerere lero kusiyana ndi mwana atazolowera kukuitanani kuti amayi.

Ngati mungakonde mwana wosakhala wachibale, khomo ndi lomwelo la Social Welfare. Musadabwe kuti malo osungirako ana ndi odzaza koma mukudikira. Ambiri mwa anawo ali ndi agogo kapena bambo, ndipo amangosungidwa mpaka atakulako. Khanda lotayidwa nalo amayamba afufuza abale ake kudzera kupolisi. Mukapatsidwa khanda, funsani buku lake la kusikelo, muone katemera ndi kulemera kwake. Ngati mayi wake anali ndi HIV, khanda limayezedwa pa masabata 6, kenako pa miyezi 12 ndi 24. Konzekeraninso mkaka wa m'chitini: miyezi 6 yoyamba khanda limamwa pafupifupi makilogalamu 20, amene ndi zitini 50 za magalamu 400. Ndalama zikachepa anthu amathira madzi ambiri kuti chitini chikhalitse, ndipo mwana amayamba kunyentchera.

Pa kamtsikana ka mng'ono wanu, chinsinsi sichingasungike, mudzi wonse ukudziwa. Musadikire kuti akamve kwa anzake pa mjigo. Yambani kumuuza akadali wamng'ono, mukumusambitsa kapena mukumuluka tsitsi, ndi mawu osavuta: "Unabadwa m'mimba mwa amayi aang'ono, ndipo ine ndi bambo ako tinapempha kuti ukhale mwana wathu." Adzafunsanso akafika zaka 7, adzafunsanso akatha msinkhu, ndipo nthawi iliyonse mudzamuyankhe zomwezo, mukuwonjezera zimene msinkhu wake ungamve.