Masentimita 8 a mu lipoti la injiniya achokera kuti?

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mayi ena amene anagula puloti pachitunda, cha kufupi ndi Chilanga. Injiniya amene anawayezera malowo analemba kuti kutachitika chivomezi champhamvu, dothi la pamtsetsepo likhoza kusuntha masentimita 8. Mayiwa akufunsa kuti: "Munthu angadziwe bwanji zimenezi chivomezicho chisanachitike? Kapena angondidyera ndalama?"

Ayi amayi, sanakudyereni. Koma 8 ameneyo musamuwerenge ngati muyezo wa telala.

Tiyambe ndi thumba la chimanga. Mwaonapo Canter itanyamula matumba ikutsika Munali Hills? Thumba lili phee pathandala, ngakhale galimoto yapendekeka. Ikagunda timabampu, thumba silisuntha. Dalaivala akaponda buleki mwamphamvu, limakhwekhwereka pang'ono n'kuima. Akapondanso, limakhwekhwerekanso. Kubwerera m'mbuyo lokha, ayi. Pofika pansi mupeza lasendera kutsogolo ndithu, koma ulendo wakewo unali wa pang'onopang'ono, pa nthawi zokhazo zimene kukankha kunaposa mphamvu yoligwira.

Umu ndi mmene Nathan Newmark, pulofesa wa ku yunivesite ya Illinois ku America, anaganizira nkhaniyi mu 1965, pofotokoza zimene zivomezi zimachita pa madamu omangidwa ndi dothi. Kale mainjiniya ankangofunsa kuti chitunda chigumuka kapena ayi. Iye anati chivomezi sichikankhira mbali imodzi mpaka kalekale, chimagwedeza uku ndi uku kwa masekondi owerengeka. Dothi likhoza kugonja kwa kamphindi, n'kugwiranso. Funso labwino ndi lakuti: lasuntha mtunda wotani?

Kuti ayankhe, injiniya amafuna zinthu ziwiri. Choyamba ndi malire a kugwedezeka kumene dothi lanu lingapirire lisanayambe kutsetsereka. Amawapeza kuchokera pa kupendekeka kwa malo, kulimba kwa dothi ndi madzi amene ali pansi. Nambala imene amayambira ndi factor of safety: mphamvu yogwira dothi kuigawa ndi mphamvu yolikokera kumunsi. Mwachitsanzo, malo opendekeka madigiri 20 okhala ndi factor of safety ya 1.3. Pa masamu osavuta a Newmark mumachotsa 1, kutsala 0.3, n'kuchulukitsa ndi sine ya madigiri 20, nambala yoimira kupendekekako, imene ndi 0.34. Yankho ndi pafupifupi 0.10 g, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu imene imakokera zinthu pansi. Chachiwiri ndi mzere wokhotakhota woonetsa kugwedezeka umene makina anajambula pa zivomezi zenizeni. Kompyuta imatsata mzere wokhotakhota uja, paliponse pamene kugwedezeka kwadutsa 0.10 g imawerengera mmene dothi lasenderera mpaka litaima, n'kuphatikiza tizidutswa tonseto. Ena sachita kuvutika choncho, amangogwiritsa ntchito matchati ngati amene akatswiri a zadothi Makdisi ndi Seed anakonza mu 1978. Masentimita anu 8 atuluka mwa njira imodzi mwa zimenezi.

Tsono taonani zimene mvula imachita. Malo omwewo mu February, dothi litakhuta madzi, factor of safety ikhoza kutsika kufika 1.1. Bwerezani masamu aja: 0.1 kuchulukitsa ndi 0.34, mupeza 0.03 g. Malire aja atsika katatu, ndipo kachivomezi kamene mu September kakanangoliza mbale m'kabati tsopano kakhoza kusuntha chitunda. N'chifukwa chake ine ndikalandira lipoti lotere sindithamangira patsamba lomaliza. Ndimayamba ndafufuza kuti madzi a pansi anawayeza mwezi uti. Ndinaonapo lipoti lina lokongola, la mitundumitundu, koma maenje onse oyezera dothi anakumbidwa mu October, dothi lili gwa ngati njerwa yootcha.

Njira imeneyi ili ndi pothera pake. Imatenga dothi ngati chinthu chimodzi cholimba, chosasintha mphamvu pamene chikugwedezeka. Mchenga wosatsendereka wodzaza madzi sutero: ukagwedezeka umasanduka phala. Ndi zimene zinachitika pa damu la Lower San Fernando ku California pa 9 February 1971. Mbali ya khoma loyang'ana kumadzi inatsetserekera m'damu momwemo, madzi anangotsala pang'ono kusefukira, ndipo anthu pafupifupi 80,000 anasamutsidwa. Pamalo otero thumba lathu lija silithandiza. Ngakhale pa dothi labwino, zivomezi ziwiri zofanana kukula zimapereka mayankho osiyana kwambiri, choncho 8 akhoza kukhala 4, akhozanso kukhala 16. Chimene 8 ameneyo akukuuzani n'chakuti muyembekezere ming'alu, osati chitunda chonse kutsikira kwa aneba.

Mwina mukuti, zivomezi mu Lusaka muno? Zamphamvu sizibwerabwera, n'zoona, koma sitili kutali ndi ming'alu ikuluikulu ya nthaka ya kum'mawa kwa Africa, ndipo chigwa cha Luangwa ndi cha Zambezi n'zamtundu womwewo. Ku Kariba, nyanja itadzaza, kunachitika zivomezi mu September 1963, chachikulu chake cha mphamvu pafupifupi 6 pa sikelo yoyezera zivomezi. Amene muli ndi abale ku Malawi mukukumbukira cha ku Salima mu March 1989, ndi zija zinagwetsa nyumba ku Karonga mu December 2009.

Masentimita 8 pamunda wa chimanga si kanthu. Pansi pa nyumba ya mabuloko ndi nkhani ina: khoma ling'ambika, zitseko zikana kutseka, paipi ya madzi ithyoka n'kumathira madzi m'dothi lomwelo lofooka kale. Choncho bwererani kwa injiniya wanuyo, mutatsimikiza kuti ndi wolembetsedwa ku Engineering Institution of Zambia. Akuonetseni pa pulani pamene mzere umene dothi lingatsetserekere ukudutsa, ndipo ngati ukudula pansi pa nyumba, isunthireni nyumbayo kutali ndi m'mphepete. Afunseni ngati masamuwo ndi a nyengo ya dzinja. Dothi lochita kuthira posalaza puloti lisanyamule faundeshoni lisanatsenderedwe bwino. Soakaway ndi thanki ya madzi zisakhale kumtunda kwa mtsetse. Khoma lotchinga dothi likhale ndi timabowo totulutsa madzi, ndipo muwauze omanga asatitseke ndi pulasitala pofuna kukongoletsa.