Dogwood wanga akupsa masamba

FUNSO: Alangizi, ndimakhala ku Richmond, ku Virginia. Tinadzala mtengo wa dogwood pakati pa kapinga pakhomo pathu. Mu Epulo unachita maluwa oyera, koma chiyambire Julaye masamba akupsa m'mbali n'kumapindika, ndipo khungwa lasupuka m'munsi. Kodi ukufa? — Mayi wodandaula, Richmond

YANKHO: Mayi, musaudule ayi. Mtengo umenewu, umene dzina lake la sayansi ndi Cornus florida, kwawo ndi m'nkhalango za kum'mawa kwa America, komwe umamera mumthunzi wa mitengo ikuluikulu. Mizu yake siipita pansi kwenikweni, ndiye pakapinga padzuwa umalimbirana madzi ndi udzu. Kupsa kwa masambako ndi ludzu.

Chotsani kapinga mozungulira tsinde, muyale zinyalala za makungwa zokhuthala masentimita 5 mpaka 8, koma zisakhudze thunthu. Mvula ikasowa, thirirani pang'onopang'ono kamodzi pa sabata mpaka madzi alowerere, ndipo musanyowetse masamba. Feteleza ayambe wadikira. Sathandiza mtengo waludzu.

Chikundidetsa nkhawa ine ndi khungwalo. Nthawi zambiri amalisupula ndi makina otchetchera udzu, ndipo pabalapo m'pamene mbozi zofukula thunthu zimalowera. Yang'anani ngati pali timabowo ndi utuchi.

Mukaona mawanga pamasamba okhala ndi m'mphepete mwa mtundu wa pepo, nthambi zikuuma kuyambira m'munsi, amenewo angakhale matenda a anthracnose. Dulani nthambi zoumazo kukakhala kouma, masamba oyoyoka muwasese n'kutaya kutali.