Kuchoka pa ganyu ya gitala n'kuyamba kupeka nyimbo za mafilimu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa wowerenga wina amene wakhala akuimba gitala m'masitudiyo kwa zaka zingapo, akuitanidwa ndi oimba osiyanasiyana kuti akakometse nyimbo zawo n'kulipidwa tsiku lomwelo. Iye anafunsa ngati munthu wozolowera kuimbira ena angathe kuyamba kupeka nyimbo za mafilimu ndi za mapulogalamu a pa wailesi yakanema, komanso kuti ayambire pati, popeza manotsi a nyimbo sawawerenga bwino.

Mbale wanga, n'zotheka, ndipo alipo ambiri amene anadutsa njira imeneyi. Koma ndisanafike pa za luso, ndikufuna mumvetse kaye kusiyana kwa malipiro a ntchito ziwirizi, chifukwa ambiri amagwera pamenepa. Mu 1962, ku London, Vic Flick anaimba gitala m'nyimbo yotsegulira filimu ya Dr. No, nyimbo imene inadzakhala chizindikiro cha mafilimu onse a James Bond. Pa ntchito ya tsikulo analandira mapaundi 6. Amene analembedwa kuti ndiye anapeka nyimboyo anali Monty Norman, ndipo iyeyu ndiye ankalandira ndalama za umwini wa nyimbo chaka ndi chaka mpaka ukalamba wake. Kulira kwa nsambo kumene dziko lonse limakuzindikira kunachokera m'zala za Flick, koma woimba waganyu amagulitsa nthawi yake kamodzi, pamene wopeka amakhala ndi gawo m'nyimboyo kulikonse kumene ikaulutsidwe.

Ndalama zimenezi zimayenda kudzera m'chikalata chotchedwa cue sheet. Filimu kapena pulogalamu ikamalizidwa, kampani yoipanga imalemba mndandanda wa kachigawo kalikonse ka nyimbo kamene kagwiritsidwa ntchito, kutalika kwake m'mphindi ndi masekondi, dzina la wopeka ndi dzina la kampani yosindikiza, imene imayang'anira umwini ndi malonda a nyimboyo. Mabungwe otolera ndalama za opeka nyimbo, monga ASCAP ndi BMI ku America, PRS ku Britain ndi SAMRO ku South Africa, amalipira potsatira chikalatachi. Mwachizolowezi ndalamazo zimagawidwa pawiri, theka la wopeka ndi theka la wosindikiza, ndipo makampani aakulu a mafilimu nthawi zambiri amatenga theka la wosindikiza pamodzi ndi umwini wa nyimboyo, n'kusiyira wopeka theka lake. Choncho lowani m'bungwe lotere musanapeze n'komwe ntchito yoyamba, ndipo muziwerenga mgwirizano uliwonse modekha, chifukwa masiku ano ilipo migwirizano yolipira kamodzi kokha n'kutenga zonse. Chimandipweteka kwambiri ndi chizolowezi cha opeka ena otchuka amene amalembetsa nyimbo kwa achinyamata owathandiza koma osaika mayina awo pa cue sheet. Ngati mwapeka ndinu, funsani za dzina lanu ntchito isanayambe.

Pa za luso, ganyu ya mu situdiyo yakuphunzitsani kale zinthu zimene ena amazivutikira kwa zaka. Mumadziwa kumvetsera zimene mwini nyimbo akufuna ngakhale akulephera kuzifotokoza, mumadziwa kuimba motsatira kugunda kwa click (kamawu kogunda mofanana kamene kamasunga liwiro la nyimbo pojambula), ndiponso munazolowera kuti chimene mwachikonda kwambiri chikhoza kukanidwa inu n'kupereka china osakwiya. Tommy Tedesco, mmodzi mwa oimba a m'masitudiyo a ku Los Angeles amene ankatchedwa Wrecking Crew, anaimba m'nyimbo zotsegulira mapulogalamu monga Bonanza ndi Batman chifukwa ankatha kusintha kaimbidwe kake msanga malinga ndi zimene zafunidwa.

Chatsopano n'chakuti bwana wanu salinso woimba mnzanu koma chithunzi. Ntchito imayamba pamene wopeka akhala pansi ndi wotsogolera filimu n'kuionera limodzi, akugwirizana pamene nyimbo ilowere, pamene itulukire, ndi pamene pasamveke nyimbo konse. Filimu imayenda zithunzi 24 pa sekondi iliyonse, ndipo nyimbo ikachedwa pang'ono chabe pamene munthu akutembenuka kapena chitseko chikutsekedwa, woonera amamva kuti china chake chalakwika ngakhale sangachitchule. Kawirikawiri mudzapeza kuti wolumikiza zithunzi anaikamo kale nyimbo za anthu ena zongogwirizira, wotsogolera n'kuzizolowera mpaka kuzikonda, ndipo ntchito yanu idzakhala kupereka mzimu womwewo popanda kukopera. Palinso vuto limene limakhudza gitala makamaka: mawu ake amakhala pafupi kwambiri ndi mawu a munthu wolankhula, kotero kuti mukaimba zambiri pamene ochita sewero akukambirana, wosakaniza mawu adzangotsitsa nyimbo yanu mpaka kusamveka. Mvetserani zimene Ry Cooder, amene nayenso anayamba n'kuimbira ena m'masitudiyo, anachita mu filimu ya Paris, Texas mu 1984. Gitala wake amalira pang'onopang'ono, akusiya mipata yaitali ya chete, ndipo kusungulumwa kwa munthu woyenda m'chipululu kumamveka m'mipata imeneyo. Kwa woimba amene wakhala akulipidwa chifukwa cha liwiro la zala zake, kuphunzira kudziletsa kotereku ndiye gawo lovuta koposa.

Nkhani ya manotsi isakufooketseni. Gustavo Santaolalla wa ku Argentina sawerenga manotsi, koma anapata mphoto ya Oscar zaka ziwiri zotsatizana chifukwa cha nyimbo za mafilimu a Brokeback Mountain ndi Babel. Komabe njira yake ndi yopapatiza, chifukwa amaitanidwa pofuna kaimbidwe kake iye yekha. Trevor Rabin wa ku Johannesburg, amene anali woimba wa mu situdiyo asanatchuke ndi gulu la Yes, anali ataphunzira piyano ndi kalembedwe ka nyimbo za gulu lalikulu la zida, ndipo atasiya gululo mu 1995 anatha kulemba nyimbo za mafilimu aakulu monga Armageddon ndi Remember the Titans. Maganizo anga ndi akuti muphunzire manotsi ndi kasanjidwe ka zida zina pang'onopang'ono uku mukugwira ntchito, pamodzi ndi pulogalamu ya pa kompyuta yopangira nyimbo monga Logic, Cubase kapena Pro Tools, chifukwa wotsogolera amafuna kumva chitsanzo chomveka ngati chomalizidwa asanavomereze chilichonse.

Poyambira pabwino ndi pamene muli kale. Opeka nyimbo za mafilimu amafuna oimba gitala, ndipo amene amafika pa nthawi yake n'kubwera ndi maganizo othandiza, tsiku lina amapatsidwa kachigawo kakang'ono kuti apeke yekha. Heitor Pereira wa ku Brazil, amene ankaimba gitala mu gulu la Simply Red, analowa m'ntchitoyi pogwira ntchito ndi Hans Zimmer, wopeka nyimbo za mafilimu wotchuka, kenako anadzapeka nyimbo za filimu ya Despicable Me. Pambali pa izi, funafunani ophunzira amene akupanga mafilimu aafupi, komanso makampani osunga nyimbo zopekeratu zimene opanga mapulogalamu amabwereka, popeza kumeneko dzina lanu limalowa pa cue sheet ngakhale simunakumanepo ndi wotsogolera. Ganyu ya mu situdiyo musaisiye msanga, chifukwa ndalama za umwini zimatha kutenga miyezi yambiri, nthawi zina kupitirira chaka, kuchokera pamene pulogalamu yaulutsidwa kufikira pamene zifike m'manja mwanu.