Funsani Tiyankhe: Masiku asanu pa njinga, kuchokera ku Blantyre mpaka pa phiri la Zomba

FUNSO: Akonzi, ndine bambo wa zaka 52 ndipo ndakhala ndikugwira ntchito ku Johannesburg kwa zaka 14. Anzanga atatu a kuntchito akufuna kuti chaka chamawa ndibwere nawo kumudzi tidzapalase njinga masiku asanu, kuyambira ku Blantyre, kudzera ku Thyolo ndi ku Mulanje, mpaka pamwamba pa phiri la Zomba, tikumagona m'nyumba zakale za nthawi ya atsamunda ndi m'malo ogona alendo a m'mapiri. Amene akukonza ulendowu akuti padzakhala wotitsogolera komanso galimoto yonyamula katundu. Ine ndimapalasa Loweruka lokha, makilomita ngati 30. Kodi ndingathe? Nanga pali chifukwa chanji cholipirira munthu woti anditsogolere m'dziko limene ndinabadwira?
Wowerenga wa ku Johannesburg

YANKHO: Bambo, mungathe ndithu, koma musiye kuwerenga makilomita, muyambe kuwerenga zitunda. Mitunda ya ulendo umenewu si yoopsa ayi, pakuti kuchokera ku Blantyre kukafika ku Thyolo ndi makilomita pafupifupi 40, ndipo kuchokera ku Thyolo kudzera pa Luchenza kukafika ku Mulanje ndi mtunda wofanana nawo. Chimene chimagonjetsa anthu ndi malo amene nyumba zogonazo zinamangidwapo. Azungu a nthawi imeneyo ankathawa kutentha ndi udzudzu wa kuzigwa, choncho ankamanga pamtunda pamene pamawomba kamphepo kozizira ndiponso pamatsika madzi a m'phiri. Kwa wopalasa njinga wa lero, zimenezi zikutanthauza kuti tsiku limathera pa chikweza, nthawi imene miyendo yalema kale ndipo dzuwa lapendeka.

Tsiku lomaliza ndilo lidzakuyesani kwenikweni. Mzinda wa Zomba uli pa mamita pafupifupi 900 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, pamene hotela ya Ku Chawe, imene ili m'mphepete mwa phirilo, ili pa mamita pafupifupi 1,500. Msewu wolumikiza malo awiriwa ndi wa makilomita ngati 10 okha, ndi wa phula, koma ndi wokhotakhota ndipo ulibe malo athyathyathya okwanira oti munthu n'kupumulirapo akupalasa. Ngati okonza ulendo aika chikweza chimenechi pamapeto a tsiku limene mwachokera ku Likhubula, m'munsi mwa phiri la Mulanje, kudzera ku Phalombe ndi ku Jali, womwe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 90 wodutsa m'chigwa chotentha, muwauze kuti alakwitsa. Bwino kugona m'tauni ya Zomba, n'kulawirira phirilo m'mawa kukadali chisisira.

Pali mwayi umodzi umene muli nawo, mwina osaudziwa. Johannesburg ili pa mamita pafupifupi 1,750, kutanthauza kuti kumene mumagona tsiku ndi tsiku n'kokwera kuposa Ku Chawe, motero phuma lobwera chifukwa cha kukwera kwa malo silidzakuvutani. Chimene thupi lanu silikuchidziwa ndi kudzuka m'mawa minofu ikuwawa, n'kukhalanso pa chishalo chomwe chija. Kwa miyezi itatu musanabwere, muzipalasa Loweruka ndi Lamulungu motsatizana, muziwonjezera mtunda pang'onopang'ono mpaka makilomita 60, ndipo muzifunafuna dala zitunda m'malo mozilambalala. Misewu ya ku Suikerbosrand, kufupi ndi Heidelberg, ndi kumene opalasa ambiri a kumeneko amakazolowetsa miyendo yawo pa zikweza.

Tsopano za wotsogolera. Funso lanu likumveka, ndipo kunena zoona simudzasochera pakati pa Limbe ndi Bvumbwe. Koma msewu umene mukuudziwawo, wa M2, ndi umene wopalasa wanzeru amaupewa pamene angathe, chifukwa ndi wopapatiza ndipo maminibasi ndi malole sapatukira njinga. Njira zabwino ndi zafumbi, zodutsa m'minda ya tiyi, ndipo minda imeneyi ili ndi eni ake, kotero pamafunika munthu amene anapempha kale chilolezo komanso amene alonda a pazipata akumudziwa. Munthu yemweyo ndiye amadziwa mlatho umene unakokoloka ndi njira imene inatsekeka, nkhani yosafunika kuinyozera m'maboma a Mulanje ndi Phalombe kumene namondwe wa Freddy anawononga misewu yambiri m'mwezi wa Malichi 2023. Mudzi umene munausiya zaka 14 zapitazo ukadalipo, koma njira zake zina zinasintha.

Galimoto nayonso si ya katundu yekha. Wokonza njinga wa pansi pa mtengo wa mango amamata chubu ndi kuwongola masipoko mwaluso losayerekezeka, koma zipangizo za njinga zamakono za magiya ambiri sapezeka nazo, ndiye machubu a saizi yanu, tcheni chapadera ndi zosinthira mabuleki ziyenera kukhala m'galimotomo. Musanalipire, funsani kuti galimotoyo ili ndi mipando ingati yoti wotopa n'kukweramo pamodzi ndi njinga yake, kuti wotsogolera mmodzi adzayang'anira anthu angati, ndiponso kuti wina atagwa adzathamangira naye kuti. Wokonza ulendo wodziwa ntchito yake sadzachita chibwibwi kutchula chipatala cha boma cha Thyolo, cha Mulanje Mission, cha Holy Family ku Phalombe ndi chipatala chachikulu cha Zomba. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Pomaliza kwa inu, musadzinamize kuti malungo sangakugwireni poti ndinu mbadwa. Mphamvu yolimbana ndi malungo imene munthu amakula nayo imachepa akakhala zaka zambiri kumalo kopanda matendawa, monga ku Johannesburg. Kaonaneni ndi dokotala pamodzi ndi anzanuwo kuti akupatseni mankhwala oteteza, ndipo muzigona m'masikito ngakhale pamalo pakuoneka pozizira.

FUNSO: Ine ndi amuna anga tinamva za maulendo otere, koma tinadabwa ndi mtengo wa malo ogonawo. Kodi m'nyumba zakalezi muli chiyani chimene sichipezeka m'malo ogona wamba? Tikufunanso kudziwa ngati n'zotheka kukwera ndi njinga mpaka ku tinyumba ta pamwamba pa phiri la Mulanje, komanso mwezi woyenera kuyenda.
Mayi wa ku Lilongwe

YANKHO: Mayi, mbali ina ya mtengowo imachokera pa kuchepa kwa zipinda. Nyumba ya Huntingdon, imene ili m'munda wa tiyi wa Satemwa ku Thyolo, inamangidwa mu 1928 ndi Maclean Kay, yemwe anayambitsa mundawo mu 1923, ndipo inamangidwa kuti muzikhala banja, osati alendo ambirimbiri. Zipinda zogona alendo zilimo zisanu zokha, choncho gulu la opalasa likafika limadzaza nyumba yonse, ndipo masiku a ulendo amatsatira masiku amene nyumbayo ili ndi malo. N'chifukwa chake maulendo otere amakonzedwa miyezi ingapo nthawi isanakwane. Kusamala denga, makoma ndi dimba la nyumba yoyandikira zaka 100 nakonso kumadya ndalama.

Chimene mukugula ndi mwayi wogona mkati mwa mbiri, ndipo ine ndimaona kuti phindu lake limadalira wotsogolera amene muli naye. Ena amangotchula chaka chimene nyumba inamangidwa ndi dzina la mzungu amene ankakhalamo. Wabwino amafotokozanso za anthu amene anaumba njerwa ndi kulambula minda imeneyi pansi pa thangata, ntchito yokakamiza imene inali chimodzi mwa zifukwa zimene John Chilembwe anaukirira atsamunda mu 1915. Ulendowu umapereka mpata wochuluka wa nkhani zotere. Ukhoza kuyambira pa nyumba ya Mandala ku Blantyre, yomangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, imene si yogonamo koma ndi yofunika kuiona. Ukhoza kudzera pa mpata wa Fort Lister, pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, pamene linga linamangidwa mu 1893 pofuna kutseka njira ya ogula akapolo. Ku Zomba, komwe kunali likulu la dziko mpaka 1975, kuli nyumba ya Masongola ya mu 1886, mmene munakhalapo Harry Johnston, mtsogoleri woyamba wa boma la atsamunda, isanasanduke hotela. Ngati ndalama zaperewera, sankhani kugona usiku umodzi wokha m'nyumba yoteroyo, masiku enawo mugone m'malo otsika mtengo monga a ku Likhubula, ndipo simudzataya zambiri.

Za tinyumba ta pa Mulanje, yankho ndi lakuti ayi. Ku Chambe, ku Lichenya, ku Thuchila ndi ku Chisepo kumafikidwa wapansi, podzera m'njira zamiyala zimene pena munthu amachita kugwiririra ndi manja. Njinga mumazisiya m'munsi, n'kutenga wotsogolera wa m'phiri ndi onyamula katundu, ndipo muyenera kuwonjezera masiku awiri kapena atatu pa ulendo wanu, makamaka ngati mukufuna kufika pa Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002. Amene alibe nthawi imeneyo angakhutire ndi kuyenda pang'ono kuchokera ku Likhubula kukaviika miyendo yotopa pa Dziwe la Nkhalamba.

Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka kumayambiriro a Seputembala. Mu Juni ndi Julayi konzekerani chiperoni, chimene chimaphimba Thyolo ndi Mulanje ndi nkhungu komanso mvula yowaza kwa masiku angapo, n'kusandutsa dothi lofiira la m'minda ya tiyi kukhala loterera, ndipo kumbukirani kuti m'miyezi imeneyi dzuwa limalowa nthawi isanakwane 5:30 madzulo. Okutobala ndi wotentha kwambiri m'chigwa cha Phalombe, ndipo kuyambira Disembala mpaka Malichi njira zafumbi zimakhala matope okhaokha.

FUNSO: Ndili ndi njinga ya Buffalo imene ndimanyamulira katundu. Kodi ndingayende nayo ulendo wotere?
Mnyamata wa ku Luchenza

YANKHO: Achimwene, miyendo yanu mwina ikuposa ya alendo onse amene tawatchulawa, ndipo m'chigwa cha Phalombe mudzawasiya m'mbuyo. Buffalo inapangidwira kulimba, keliyala yake imanyamula makilogalamu 100, koma njingayo payokha imalemera makilogalamu opitirira 20, ndipo ngati yanuyo ndi ya giya imodzi, pa chikweza cha Zomba mudzaikankha kwa nthawi yaitali. Chimene ndikuopera kwambiri ndi mtsetse wa pobwerera, chifukwa buleki yopondera m'mbuyo imatentha ikagwiridwa mosalekeza kwa makilomita ambiri, ndipo ikatentha imatha kusiya kugwira bwino. Muziima kawirikawiri kuti izizire, valani chipewa choteteza mutu, ndipo pa makona onse muzikhala kumanzere kwenikweni, chifukwa msewu womwewo umakweranso magalimoto.