Tifunseni: Mowa wa pa The Harp ku London

Funso: Zikomo akonzi. Ndatha miyezi inayi ndili ku London. Anzanga a kuntchito akufuna kunditengera ku bala yotchedwa The Harp, ati kuli "real ale". Koma ndamva kuti mowawu sauziziritsa ndipo ulibe gasi. Si mowa wogona umenewo?
Wowerenga wa ku Croydon

Yankho: Pitani achimwene, musakane. The Harp ili pa 47 Chandos Place ku Covent Garden, kufupi ndi siteshoni ya Charing Cross. Ndi kanyumba kopapatiza, makoma ake odzaza zithunzi za nkhope za anthu, ndipo pamwamba pa kauntala pamamatira tizikwangwani tambirimbiri ta mowa umene unagulitsidwapo. Lachisanu madzulo mpando muiwale, anthu amasefukira mpaka m'kakhwalala ka kuseri, Brydges Place. Bungwe la CAMRA (Campaign for Real Ale), limene linayamba mu 1971 pofuna kuteteza mowa wachikale wa ku Britain, linaisankha kukhala bala yopambana m'dziko lonse mu 2010, yoyamba ya mu London kulandira ulemuwu. Kuyambira 2014 eni ake ndi kampani ya mabala ya Fuller's, koma imagulitsabe mowa wa ofulula ena, monga Sussex Best Bitter wa kampani ya Harvey's ya ku Lewes.

Tsono za kugonazo. Ganizirani Chibuku cha m'paketi: chimachoka ku fakitale chikuwirabe, n'chifukwa chake kukoma kwa tsiku loyamba kumasiyana ndi kwa tsiku lachitatu. Real ale ndi wotero. Sautenthetsa kuti aphe yisiti, sausefa, ndipo sathiramo gasi wa m'silinda. Umapitiriza kupsa mumgolo momwemo, kagasi kochepa kamene mumamva pa lilime ndi kochokera ku yisitiyo. Lager ya m'botolo ili ngati Chibuku Super: anaiphera kale yisiti kuti ikhalitse.

Ntchito yonse ili m'chipinda cha pansi. Mgolo wofala umatchedwa firkin, umalowa magaloni 9, amene ndi mapainti 72, pafupifupi malita 41. Mwa njira yachikale amaugoneka cham'mbali pa thandala m'chipinda chozizira madigiri 11 mpaka 13. Pamsana pake pali chotsekera. Amachiboola n'kulowetsamo kamtengo kofewa kamene gasi wochuluka amatulukira, nthawi zina thovu likuchita kutuluka ngati mkaka wosefukira. Kutsogolo amakhomerako mpopi ndi nyundo yamtengo kapena ya labala. Kenako amausiya tsiku limodzi kapena awiri, mowa wamphamvu kuposa apo, kuti nsenga zidikhe. Ofulula ambiri amathiramo isinglass, yochokera ku kathumba ka mpweya ka m'mimba mwa nsomba, imene imakokera yisiti pansi. Amene sadya za nyama azifunsa kaye. Ukangodikha, mgolowo saugwedezanso. Usiku amachotsa kamtengo kofewa n'kuikapo kolimba kuti gasi wotsalayo asathawe.

Kuchokera pansipo mowa umakwera ndi pampu ya manja, chogwirira chachitali chimene wogulitsa amakoka kangapo kuti tambula idzaze. Sutentha, koma suziziranso ngati wa m'furiji, chifukwa kuzizira kwambiri kumabisa kukoma kwa chimera cha balere ndi fungo la hops, maluwa amene amathira mu mowa kuti uziwawa pang'ono.

Funso: Ndinagula painti ya real ale pa bala ina kuno. Inali yowawasa ngati vinega, koma ndinachita manyazi kuibweza poganiza kuti mwina ndi mmene umakomera. Munthu angadziwe bwanji kuti wawonongeka?
Wowerenga wa ku Leicester

Yankho: Mayi, munamwa mowa wosasa, ndipo mukanaubweza. Kuwawa kwa hops n'koyenera. Kuwawasa kwa vinega ayi. Pa painti iliyonse yotuluka mumgolo mumalowa mpweya wa kunja, limodzi ndi tizilombo timene timasandutsa mowa kukhala asidi. Mgolo ukatsegulidwa uyenera kutha m'masiku atatu, ukachedwa anayi. Werengani nokha: mapainti 72 m'masiku atatu ndi 24 pa tsiku, pa pampu iliyonse. Bala yokhala ndi mapampu 8 koma makasitomala owerengeka, ena mwa mowa wake ukusasa ndithu. Chimene chimasunga mbiri ya malo ngati The Harp n'chakuti migolo imatha msanga, isanakalambe. Ife timakhulupirira bala ya mapampu atatu otanganidwa kuposa ya khumi ongokongoletsa kauntala.

Zizindikiro zina ndi izi. Kakomedwe ka katoni yonyowa ndi mowa umene wakhalitsa ndi mpweya. Fungo la batala limatanthauza kuti auyamba usanapse, kapena mapaipi ndi akuda. Amayenera kutsukidwa masiku 7 alionse. Fungo la dzira lovunda kawirikawiri limachokera ku mgolo umene sunapume mokwanira. Ukakhala wofunda, kaya chipinda chapansi chatentha kaya mwapatsidwa umene unagona m'paipi, makamaka bala ikangotsegulidwa. Wa mbuu wokhala ndi tizidutswa toyandama ndi wa pansi pa mgolo, kapena mgolowo unagwedezeka. Apa samalani pang'ono: masiku ano ofulula ena amasiya dala mowa uli mbuu, ndipo amalemba "hazy" kapena "unfined" pa kachikwangwani.

Bwezani mutangomwako kamodzi kapena kawiri, osati tambula itafika pakati. Bala yodzilemekeza imakusinthirani, n'kutembenuza kachikwangwani ka pa pampuyo kuti wina asagulenso.

Funso: Nanga "craft beer" ndi yemweyo? Ndipo ndiitanitse bwanji kuti ndisaoneke mlendo?
Wowerenga wa ku Reading

Yankho: Si yemweyo kwenikweni, bambo. Craft beer ndi dzina chabe la mowa wa ofulula ang'onoang'ono. Wambiri umabwera mu keg, mgolo wotseka umene umakankhidwa ndi gasi wa m'silinda, motero umazizira kwambiri ndipo umakhala milungu ingapo. Ulipo wokoma zedi, koma yang'anani mphamvu yake. Sussex Best ndi 4%, pamene ma IPA (mowa wa hops ambiri) ambiri a mu keg amafika 6% kapena 7%, ndipo ma stout (mowa wakuda) ena amapitirira 10%. Amenewa amagulitsidwa m'timatambula ta gawo limodzi mwa magawo atatu a painti, 189 ml.

Musakhale pa tebulo kudikira woperekera, palibe abwere. Pitani pa kauntala, itanitsani, lipirani pompo. Painti ndi 568 ml, hafu ndi 284 ml. Mowa umene simuudziwa pemphani kulawa, ambiri amakuthirirani pang'ono kwaulere. Thovu likadya malo ambiri mu tambula, nenani kuti akuwonjezereni, si mwano. Mukakhala pagulu aliyense amagulira onse mosinthana, ndipo apa ndi pamene alendo amagwera: gulu la anthu 6 ndi mapainti 6. Painti ya 4% ili ndi mayunitsi 2.3 (muyeso wa mphamvu yoledzeretsa imene mwamwa), ndipo malangizo a zaumoyo ku Britain amati musapyole 14 pa mlungu, kutanthauza kuti ndi mapainti 6 aja mwamaliza pafupifupi za mlungu wonse usiku umodzi. Nthawi ya wina yogula ikafika, mutha kunena kuti "hafu yokha", palibe adabwe.