Achimwene, difu isatsegulidwe kaye

Kalata yanu ndailandira, achimwene a ku Mufakose, kuno ku Harare. Mukuti Hilux yanu yakale ikung'ung'uza kutsogolo mukafika pa liwiro la 80, ndipo makaniko wanena kuti difu (bokosi la magiya logawa mphamvu ku tayala lakumanja ndi lakumanzere) yatha, mukasake madola. Nyimbo imeneyi ndinaimvapo, n'chifukwa chake ndasiya makalata ena onse kuti ndiyambe ndi yanu.

Malume anga anali ndi Hilux ngati yanuyo. Uthenga wa maliro unabwera kuchokera ku Ntcheu, ndipo njira yake mukuidziwa: Nyamapanda, Tete, kuwoloka Zambezi, Zobue, kenako Mwanza. Galimoto yolira sungapite nayo kumeneko mtima uli m'malo. Mnyamata wina wa ovololo yoyera bwino anangoiyendetsa pang'ono n'kunena kuti ndi difu. Pansi sanagwade n'komwe. Malume anali atayamba kale kuimbira abale kuti asonkhe, pamene mnansi anatilozera kwa mdala wina ku Gazaland, ku Highfield, wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chishona monga ambiri a ife kuno. Mdalayo anatembenuza ma hub onse awiri (zitsulo za pakati pa tayala lililonse lakutsogolo, zolumikiza tayala ku difu) kuchoka pa LOCK kupita pa FREE, naika giya pa 2H, yokoka ndi matayala akumbuyo okha, nati kwerani tizungulire. Phokoso linali pomwepo. Iye anangoseka. Ma hub akakhala pa FREE, difu yakutsogolo, propshaft (chitsulo chachitali chobweretsa mphamvu ku difu) ndi ma CV (mfundo za pa zitsulo zochoka ku difu kupita ku matayala) sizizungulira, ndiye chinthu chongokhala chilira bwanji? Inali bering'i ya tayala lakumanja. Malume anafika asanaike maliro.

Ndinene mosabisa: makaniko wotchula difu asanakweze galimoto pa jeki, mutsanzikeni. Pa galimoto yoyenda pa 2H masiku onse, difu yakutsogolo imangogona. Zimene zimafa ndi zimene zimamenya maenje a Seke Road m'mawa ndi madzulo: bering'i, ma ball joint, ndi labala lophimba CV, lomwe likang'ambika gilisi amatuluka, mchenga n'kulowa. Difu imatchulidwa msanga chifukwa ndi yodula, basi.

Ndipo eni galimotonso amandikwiyitsa. Munthu amagula matayala akaunjika limodzilimodzi, lina lalikulu, lina lotha mbali imodzi, kenako n'kumadabwa kuti galimoto ikung'ung'uza. Tayala lotha mokhota limalira chimodzimodzi ndi bering'i. Wina mvula ikangowaza amaika 4H, giya yokoka ndi matayala onse anayi, pa tala mkati mwa tauni, ati kuti igwire msewu. Hilux yotere ilibe difu yapakati ngati ya Prado. Pokhota, matayala akutsogolo amayenda mtunda wautali kuposa akumbuyo, ndipo pa tala palibe poterera, ndiye zitsulo zimakokana mpaka chiwongolero kulimba ndi galimoto kumadumpha. Pamenepo ndiye muphadi transfer case, bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, ndi manja anu. 4H ndi ya matope ndi mchenga wa kumudzi.

Zoti muchite Loweruka

Yambani ndi za mdala uja. Ngati yanu ilibe ma hub otembenuza ndi dzanja, nthawi zambiri ma CV amazungulirabe pa 2H, choncho musawachotse pa mlandu. Pa msewu wopanda anthu, pendeketsani galimoto pang'ono uku ndi uku: phokoso likakula mukakhotera kumanzere, kayikirani bering'i yakumanja. Kuti ka-ka-ka mukakhotetsa chiwongolero mpaka mapeto, ameneyo ndi CV, suzumirani labala lake. Kuti gu pochotsa galimoto muli pa 4H, gwedezani propshaft muone ma universal joint, mfundo za kumapeto kwake. Kwezani pa jeki, gwirani tayala pamwamba ndi pansi, ligwedezeni. Sinthanitsaninso matayala akutsogolo ndi akumbuyo mumve ngati phokoso lasamuka.

Zonsezi zikakana, tsitsani oilo wa difu mu beseni loyera. Mukapezamo tizidutswa ta chitsulo, kapena wasanduka ngati tiyi wamkaka chifukwa cha madzi, apo ndiye bwererani kwa makaniko wanuyo, ndipo poitsegula mukhalepo.